Ndinasintha chiwongolero changa pakhomo, koma cha mnzanga ndinakana

A ku Joni, a ku Harare ndi ku Bulawayo, a ku America amene mwina kwanuko kukadali usiku, ndi anzanga a kuno ku UK amene mukumvera muli m'basi yopita ku shifiti, takulandirani. Ine ndikulankhula kuchokera ku Leeds, ndipo kunjaku mvula ikuwaza monga mwa masiku onse. Lero mlendo palibe, ndili ndekha, ndiye mupirire nane.

Masabata apitawa ndinatchulako mongodutsa kuti ndinasintha ndekha chiwongolero cha kagalimoto kanga. Aaa, mauthenga amene anabwera! Ena akufunsa kuti zimatheka bwanji, ena akuti ndipite ndikawasinthire chawo, ndipo mayi wina anangolemba kuti, "Bambo, moyo mwatopa nawo?" Ndiye ndati lero ndifotokoze nkhani yonse: mmene ndinagwirira ntchitoyo, pamene ndinalakwitsa, komanso chifukwa chimene ndinakanira kuchita zomwezo pa galimoto ya mnzanga wapamtima, mpaka tinatha masabata awiri tisakulankhulana bwinobwino.

Ndiyambe ndi galimotoyo. Ndi Mazda MX-5 ya mtundu woyamba, ija nyali zake zimatukuka pa boneti ngati zikope za munthu amene wangodzuka kumene. Inaonetsedwa koyamba ku Chicago mu February 1989, ndipo amaipanga ku Hiroshima, ku Japan. Ku America amaitchula kuti Miata, pomwe ku Japan ankaigulitsa ndi dzina loti Eunos Roadster. Yangayi ndi Eunos ya 1992. Inabwera kuno kuchokera ku Japan itagwirapo kale ntchito, ngati mmene magalimoto ambiri amafikira kwathu kudzera pa Dar es Salaam. Ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu ngati kuno ndi kwathu komwe, ndiye chiwongolero chili kumanja, palibe chachilendo. Injini yake ndi ya malita 1.6, mipando ndi iwiri, denga ndi lansalu, ndipo kulemera kwake sikufika ngakhale tani imodzi. Pofika 2016, Mazda inali itapanga magalimoto a MX-5 okwana miliyoni imodzi. N'chifukwa chake zipangizo zake sizisowa, ndipo n'chifukwa chake munthu wa mashifiti ngati ine anatha kuigula.

Musaganize kuti ndine bwana, ayi. Ndinaigula motchipa, ili ndi dzimbiri kunsi. Nditafika nayo pakhomo, mayi a kunyumba anatuluka, n'kuizungulira kamodzi, kenako anati, "Bambo a ana, ana tili nawo atatu, mipando ndi iwiri. Masamu ake ndi ati amenewa?" Mpaka lero yankho sindinalipeze. Koma Lamlungu dzuwa likawala, amene amayamba kufunsa makiyi ndi iwowo.

Tsono chiwongolero ndinasinthiranji? Zifukwa zinali ziwiri. Choyamba, chakalecho chinali chitatha. Chinali cha mphira wamba, ndipo patatha zaka zoposa 30 mphirayo inali itayamba kumata m'manja. Choopsa kwambiri, pamwamba pake inali itasiyana ndi chitsulo cha mkati, moti ukapotoza dzanja, mphira imazungulira yokha chitsulo chili phee. Chachiwiri, ine ndine wamtali. Ndikamachotsa phazi pa mafuta kupita pa buleki, bondo limagunda chiwongolero. Tsiku lina pa raundabauti bondo linakodwa kwa kanthawi kochepa, ndipo mtima unagunda. Ndinati basi, izi zisinthe.

Ndinafunsa ku galaja. Kuno mukudziwa, makaniko amalipiritsa pa ola, ndipo ola lake ndi ndalama yoti kumudzi ingagule matumba a feteleza. Ine ndinakulira ku Ndirande, pakhomo pa amalume anga amene akhala makaniko moyo wawo wonse. Ndili mwana ntchito yanga inali kuwapatsira masipanala ndi kutsuka mabawuti mu petulo. Ndiye ndinati, ntchito ya nati imodzi ndingalipirire munthu? Ndinawaimbira amalume pa WhatsApp, pa vidiyo, kuti andiyang'anire.

Funso lawo loyamba silinali la masipanala. Anati, "Mphwanga, pakati pa chiwongoleropo pali bomba kapena palibe?" Amatanthauza airbag, thumba lija limafufuma pa ngozi kuti nkhope ndi chifuwa zisamenye chitsulo. Ndipo anzanga, ngati muiwale zonse zimene ndinene lero, funso ili lokha musaliiwale. Muyang'ane pakati pa chiwongolero chanu. Ngati palembedwa kuti SRS kapena Airbag, kapena ngati mukatembenuza kiyi pa dashibodi pamayaka kanyali ka munthu wokhala pampando ali ndi mpira kutsogolo kwake, ndiye kuti galimoto yanu ili ndi airbag, ndipo nkhani yanu ndi ina. Ndifika kumeneko. Yanga inatuluka ku fakitale yopanda airbag, monga ma Eunos ambiri a zaka zoyambirirazo. Koma a ku America musamale, chifukwa Miata ya kwanuko inali ndi airbag ya dalaivala kuyambira pachiyambi penipeni. Galimoto imodzimodzi, mayiko osiyana, nkhani zosiyana.

Kenako kugula. Apa ndi pamene ndinagwa koyamba. Mayina akuluakulu pa ziwongolero za magalimoto othamanga ndi a ku Italy. Pali Momo, imene anayambitsa Gianpiero Moretti mu 1964, ndiye pali Nardi, ya Enrico Nardi, yotchuka ndi ziwongolero zamatabwa. Ngakhale Mazda yeniyeniyo inkaika chiwongolero chamatabwa cha Nardi pa Eunos ina yotchedwa V-Special. Zenizeni n'zodula. Ndiye ine, pofuna kupulumutsa ndalama, ndinaona china pa intaneti chodindidwa dzina la kampani yotchuka, mtengo wake wochepera theka. Ndinagula. Chinafika chokongola, chikopa chonyezimira, ulusi wofiira. Ndikuwaonetsa amalume monyadira, iwo anangoti, "Tachipana pakati pa mawondo, uchipotoze ndi manja awiri." Ndinatero. Abale, chinapindika. Ndi manja angawa, osati a munthu wonyamula zitsulo. Amalume anaseka mpaka foni kugwa. Atatola anati, "Ndiye ukaponda buleki mwadzidzidzi, thupi lonse n'kutsamira pamenepo, chidzatani?"

Chimenecho sindinachigulitse kwa munthu wina, chifukwa kukanakhala kumupatsira mnzanga tsoka langa. Chili pakhoma mu shedi, chimandikumbutsa uchitsiru wanga. Pambuyo pake ndinapeza Momo yeniyeni yogwirapo kale ntchito kwa bambo wina wa m'gulu la eni magalimoto amenewa.

Pogula pali zinthu zitatu zoyeza. Choyamba ndi kukula kwake. Changa chakale nditayeza chinali pafupifupi masentimita 37, ndipo ndinasankha cha mamilimita 350, kapena kuti masentimita 35. Kusiyana kukuoneka kochepa, koma bondo linapeza malo. Ena amakonda cha 330 kapena chocheperapo. Dziwani kuti chikachepa, chimalemera pokhota, makamaka ngati galimoto ilibe power steering, komanso chimatha kukubisirani pamwamba pa sipidomita. Kuno makamera a liwiro ali paliponse, ndiye kuyendetsa osaona liwiro lako ndi kudziitanira kalata.

Chachiwiri ndi kuzama kwake. Ziwongolero zina n'zafulati, zina n'zolowa ngati mbale. Cholowa kwambiri chimabwera pafupi ndi chifuwa, koma chimasiya timitengo ta indiketa ndi ta mawaipa kutali ndi zala, moti umachita kuchotsa dzanja kuti uzifikire.

Chachitatu ndi chimene ambiri sadziwa. Chiwongolero chogula padera sichilowa mwachindunji pa shafiti ya galimoto. Pakati pamafunika chitsulo cholumikizira chimene amachitchula kuti boss kit kapena hub. Mbali imodzi ya boss ili ndi timano togwirizana ndi shafiti ya galimoto yanuyo, mbali inayo ili ndi mabowo 6 omangirapo chiwongolero. Mabowowo si ofanana konse. Pa Momo amakhala pa bwalo la mamilimita 70, pa Nardi la mamilimita 74. Ma boss ena ali ndi mabowo a mitundu yonse iwiri, ena ayi. Ndiye mugule boss yopangidwira mtundu ndi chaka cha galimoto yanu, yochokera ku kampani yodziwika. Ine ndinasankha ya mtundu umene umafwanyika pa ngozi m'malo mokhala chitsulo chouma cholunjika pachifuwa. Zija zochotsa chiwongolero ndi batani limodzi, zimene anyamata amazikonda, ndinazisiya. Zimawonjezera malo ena oti n'kugwedera, ndipo zotchipa zake ndi zoopsa.

Tsopano ntchito yeniyeni. Zida zake si zambiri: sokete ya 21 ndi chogwirira chake chachitali, sipanala ya 10, ma Allen key, sikuludiraiva, cholembera chosafufutika, girisi pang'ono, ndi torque wrench, sipanala ija imalira kuti "kha" ukafika pa mphamvu imene waitchera. Imeneyi ndinabwereka. Ngati mulibe, bwerekani, musayerekeze ndi dzanja.

Poyamba imikani galimoto pamalo afulati, matayala akutsogolo ataloza kutsogolo ndendende. Njira yabwino ndi kuyenda nayo molunjika mamita angapo, kenako n'kuima osakhudzanso chiwongolero. Mawu amenewa muwasunge, chifukwa ine sindinawasunge.

Kenako chotsani batire. Pa MX-5 ya mtundu umenewu batire silili ku boneti, lili kumbuyo mu buti. Masulani waya wa negetivu, uja wa chizindikiro cha kuchotsera, ndi sipanala ya 10, n'kumukankhira pambali kuti asabwerere yekha kukakhudza. Ngati wailesi yanu imafuna nambala yachinsinsi ikazimitsidwa, ipezeni nambalayo musanayambe.

Mukatero chotsani chophimba cha pakati, pamene mumadina hutala. Pa magalimoto ena chimagwidwa ndi timasikuluwu kumbuyo, pa ena chimangokanikizidwa. Musachikoke mwamphamvu, kumbuyo kwake kuli waya wa hutala. Jambulani chithunzi pa foni musanamuzule. Foni siiwala, mutu umaiwala.

Ndiye muiona nati yaikulu pakati. Moyo wanu wonse pamsewu umagwidwa ndi nati imeneyi. Poimasula, musadalire loko wa chiwongolero kuti ndiye agwire, mungamuthyole. Pezani munthu agwire chiwongolero ndi manja awiri. Kwa ine anagwira mayi a kunyumba, uku akudandaula kuti mpunga ukupserera. Nati inamasuka. Ine ndili pa changu, ndinayamba kuipotokola kuti ichokeretu. Amalume pa foni anakuwa, "Iwe! Isiye pomwepo!" Anati ndiimasule mpaka ifike kumapeto kwa shafiti, koma ikhale ikugwirabe mizere itatu kapena inayi.

Chifukwa chake ndi ichi. Kumapeto kwa shafiti n'kosongokera pang'ono, ndiye chiwongolero chimakanirira pamenepo ngati khasu mu mpini. Pa zaka 30 chimakhala ngati chamera mizu. Umakoka, osatheka. Umakokanso, osatheka. Kenako chimachoka kamodzin'kamodzi, mphamvu zako zonse zili pomwepo, ndipo chimene chili kutsogolo kwake ndi nkhope yako. Ine ndinagwira kumanja ndi kumanzere, n'kumagwedeza uku ndikukoka, kenako pamwamba ndi pansi. Patapita mphindi zingapo chinangoti "phwa!" n'kukaima pa nati ija. Ndinakhala kaye chete. Pakanapanda nati imeneyo, bwenzi lero ndikulankhula nanu mano akutsogolo palibe, ndipo mtengo wa dokotala wa mano kuno mukuudziwa.

Chenjezo lina pamenepa: musamenye shafiti ndi hamala. Ndikudziwa, kwathu hamala ndi mankhwala a chilichonse. Koma shafiti ya chiwongolero anaipanga kuti pa ngozi izifupika, kulowa mkati mwa inzake, kuti isabaye dalaivala. Mukaimenya mungaononge zimenezo osadziwa. Chikakanitsitsa, pali kachida kokokera kotchedwa puller, n'kotchipa, ndipo kamachotsa mwaulemu.

Musanachotseretu chakalecho, lembani kamzere pa nsonga ya shafiti kosonyeza kumwamba. Kenako chotsani nati, chotsani chiwongolero, ndipo muyang'ane kumbuyo kwake. Muona zinthu ziwiri. Pali mkombero wachitsulo umene kachitsulo ka hutala kamakhudzapo chiwongolero chikamazungulira. Palinso timabowo kapena timapini timene timakankha kapulasitiki kozimitsa indiketa mukamaliza kukhota. Boss yatsopano iyenera kukhala ndi zonse ziwirizi, ndipo ziyenera kulowana bwino. Mukakakamiza zisanalowane, kapulasitiki kaja kamathyoka, ndiye muzidzayenda indiketa ikuphethira mpaka ku Manchester.

Pakani girisi pang'ono pa mkombero wa hutala. Lowetsani boss, chizindikiro chake cha kumwamba chigwirizane ndi kamzere kanu. Iyenera kulowa pa timano mosavuta ndi dzanja. Ikakana, musaimenye, itulutseni muone chavuta. Bwezerani nati, n'kumanga ndi torque wrench. Buku la galimoto yanga limanena pakati pa 39 ndi 49 Nm, ndipo ine ndinatchera pa 45. Inu muone buku la galimoto yanu, chifukwa manambala amasiyana. Kumanga mopitirira kumaononga boss, makamaka ya aluminiyamu. Kumanga moperewera, sindikufunanso kunena.

Kenako lumikizani waya wa hutala ku batani latsopano, ikani chiwongolero pa boss, ndi kulowetsa timabawuti 6 tija ndi zala kaye, tonse. Pomanga musatsatire mzere wozungulira. Mangani kamodzi apa, kenako ka kutsidya kwake, modumphadumpha ngati mmene timamangira tayala, kuti chikhale mofanana. Timabawuti timeneti n'tating'ono, sitifuna mphamvu ya pa tayala. Ine ndinadonthezapo kamankhwala ka buluu koletsa mabawuti kumasuka okha.

Ndiye ndinapita ku buti monyadira kukabwezera batire. Linali Lamlungu, cha m'ma 8 koloko m'mawa. Waya atangokhudza, hutala inalira. Osati kulira kwa "pi-pi", ayi, kulira kosalekeza ngati kwa minibasi yoitana anthu pa depoti ya Limbe. Makatani a maneba anayamba kutseguka limodzi ndi limodzi. Ndinazula waya msangamsanga. Amalume misozi ili mbwee ndi kuseka. Chinachitika n'chakuti hutala ya galimoto zimenezi imalira waya wake akakhudza chitsulo cha galimoto, ndipo batani ntchito yake ndi kungomukhudzitsa. Ine pomanga ndinamupana waya pakati pa chiwongolero ndi boss, n'kusupuka. Ndinamasula, kumukulunga bwino, kumupinda kuti akhale momasuka mkati, basi vuto linatha. Ndipo musanene kuti hutala ilibe ntchito, ingosiyani osalumikiza. Kuno pa MOT amaiyesa, ndipo tsiku limene mwana adzathamangire mumsewu mudzaifuna.

Musanatuluke pa geti, zungulizani chiwongolero mpaka kumapeto kumanja, kenako kumanzere. Mverani ngati pali chokhula kapena chogwira. Chikokeni, chikankheni, chigwedezeni. Pasakhale kugwedera ngakhale pang'ono. Kenako yendani pang'onopang'ono m'misewu ya m'dera lanu, muyese indiketa mbali zonse ziwiri.

Apa ndi pamene kulakwitsa kwanga kwachitatu kunaonekera. Galimoto ikuyenda molunjika, koma chiwongolero chapendekera kumanzere. Paja ndinati imikani pafulati? Pakhomo panga m'potsetsereka, ndipo ndinaimika matayala atakhota pang'ono osazindikira, ndiye kamzere kanga kanali konama. Ndinabwerera, kumasula zonse, kusuntha boss dzino limodzi, kumanganso. Chinawongoka. Nthawi zina dzino limodzi limapitirira, kubwerera kumaperewera. Zikatero musalimbane nazo, pitani kwa oyeza matayala akakonze alayimenti, iwo amawongola kunsi ku ma tie rod. Patatha sabata ndinayesanso mabawuti onse ngati ali olimba. Chakale chija ndinasunga, chifukwa wodzagula galimotoyi mwina adzachifuna.

Chomaliza pa galimoto yanga, ndinaimbira a inshuwalansi. Ambiri timaiwala zimenezi, kapena timachita dala. Kuno chilichonse chimene wasintha pa galimoto uyenera kuwauza. Ukabisa, tsiku la ngozi akhoza kukana kulipira kapena kuthetsa inshuwalansi yako, ndipo kupeza ina pambuyo pake kumadula. Foni yake inanditengera mphindi zochepa chabe.

Tsopano nkhani ya mnzanga. Ndi m'bale wa kumudzi, timapemphera limodzi, ana athu amatchulana achimwene ndi achemwali. Iye ali ndi MX-5 ya mtundu wachiwiri, ya 2003, ija nyali zake sizitukuka. Ataona changa anasirira. Anati, "Achimwene, Loweruka ndikubwera, mundiikire ngati chanuchi." Nditayang'ana m'galimoto mwake, pakati pa chiwongolero palembedwa SRS Airbag. Ndinati, "Achimwene, ichi sindikhudza."

Anati wogulitsa wamuuza kuti palibe vuto, mu bokosi muli kachipangizo kakang'ono kotchedwa resistor, ukakalowetsa pa waya wachikasu kanyali ka airbag sikayaka. Zoona, sikayaka. Koma taganizani chimene kachipangizoko kakuchita. Kakunamiza kompyuta ya galimoto kuti airbag ilipo pamene palibe. Kanyali kazima, koma chiwongolero chili chitsulo chokhachokha. Kuli ngati kuchotsa batire mu alamu ya utsi chifukwa ikusokosa, moto uli m'khitchini.

Ndinamuuza zinthu zitatu. Choyamba, malamulo. Kuno ku Britain galimoto ikakwana zaka zitatu imayesedwa MOT chaka chilichonse, ngati COF ya kwathu, ndipo ngati inatuluka ku fakitale ndi airbag koma ikuoneka kuti yachotsedwa, imalephera. Kanyali ka SRS kakamasonyeza vuto, imalepheranso. Ku America lamulo la boma limaletsa magalaja ndi ogulitsa magalimoto kuchotsa kapena kupha zida zotetezera ngati zimenezi. A ku Joni ndi a ku Zimbabwe, mufunse kwa oyesa magalimoto ndi a inshuwalansi kwanuko musanagule kalikonse.

Chachiwiri, lamba. Anthu amati, "Ndimamanga lamba, airbag ndi yachiyani?" Pa magalimoto ambiri amene ali ndi airbag, lamba anamupanga kuti azigwira ntchito limodzi nayo. Pa ngozi yaikulu amagwira, kenako amalolera pang'ono kuti asathyole nthiti, podalira kuti kutsogoloko thumba lija likuwakha. Limafufuma mofulumira kuposa kuphethira kwa diso. Mukalichotsa, lamba adzalolerabe monga anapangidwira, koma wokuwakhani palibe. Galimoto yanga inapangidwa yopanda airbag, ndipo ndimadziwa kuti ndi yosatetezeka ngati yake. Ine sindinachotse chitetezo chimene chinalipo. Iye amafuna kuchotsa.

Chachitatu sindinachinene mokweza, koma anachimva. Tonse tili m'magulu a WhatsApp aja. Tonse tinaponyapo ndalama zotumizira maliro kumudzi, ndipo tikudziwa kulemera kwake, pa thumba ndi pa mtima. Chakudza sichiimba ng'oma. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, mwana wanu wamkulu wangopeza laisensi, ndipo Loweruka ndinamuona akuyendetsa galimoto imeneyi. Chitachitika chinachake, ine ndi amene ndinamasula nati, ndidzawayang'ana bwanji alamu anga?"

Anakwiya. Anati ndikudzimva ukatswiri chifukwa cha ntchito imodzi. Kutchalitchi timangogwedezerana mutu. Koma patatha masabata awiri anandiimbira yekha, akuti, "Nanga chikopa chothetheka chija ndichite nacho bwanji?" Apa ndiye tinayamba kukambirana zenizeni, chifukwa njira zilipo. Mukhoza kupeza chiwongolero chenicheni cha mtundu womwewo wa galimoto, chosatha kwambiri, n'kubwezerapo airbag yanu yomweyo. Mukhoza kutumiza chanu kwa akatswiri osoka chikopa, amachikuta mwatsopano, ngakhale kuchinenepetsa ngati mukufuna. Kapena mukhoza kugula chikopa chodulidwa kale pa muyeso wa chiwongolero chanu, chosokera pomwepo ndi singano, osamasula kalikonse. Iye anasankha chomalizachi. Alamu anga amadziwa kusoka, ndiye anakhala m'galimoto masana onse a Loweruka ndi singano ziwiri. Kunena zoona, chinatuluka chokongola kuposa changa, ndipo bomba la amalume lija lili m'malo mwake.

Kwa amene mukufuna kuchotsa chiwongolero cha airbag kuti mukachikutitse n'kuchibwezera, mawu anga ndi awa. Ngati simunagwirepo, perekani kwa makaniko, ola limodzi limenelo lipirani. Airbag ili ndi mankhwala ophulika. Amene amaidziwa amachotsa batire n'kudikira kaye, chifukwa magetsi amatsalira mkati kwa kanthawi, ndipo buku la galimoto limanena nthawi yake. Sayeza mawaya achikasu ndi mita. Akainyamula amailozetsa kutali ndi thupi, ndipo akaiika pansi, mbali yofufuma imayang'ana kumwamba. Kumbuyo kwa chiwongolero chotere kulinso kachipangizo kotchedwa clock spring, riboni ya mawaya yokulungidwa ngati tepi. Ikazungulira chiwongolero chitachoka, n'kubwezeredwa isali pakati, imaduka tsiku limene mudzakhote mpaka kumapeto, ndipo hutala ndi airbag zimafera limodzi.

Ndiye amene munafunsa kuti kodi zimatheka pakhomo, yankho ndi lakuti inde, pa galimoto yakale yopanda airbag zimatheka, ndipo mukakonzekera bwino ndi ntchito ya ola limodzi kapena awiri. Ine inanditengera tsiku lonse chifukwa cha changu. Gulani chenicheni, imikani pafulati, chotsani batire, siyani nati pa shafiti pokoka, mangani ndi torque wrench, auzeni a inshuwalansi. Koma pakati pakalembedwa SRS, chitsulo chisiyeni, sinthani chikopa.

Kwa mayi aja munandifunsa ngati moyo ndatopa nawo, ayi mayi, sindinatope nawo, ndipo zikomo pondifunsa. Amalume ku Ndirande, ndikudziwa mukumvera pa foni ya adzukulu, ndalama ya mayunitsi ija ndatumiza, muone. Nonse amene muli ndi mafunso, kapena amene munachitapo ntchito imeneyi pa galimoto ya mtundu wina, tilembereni, tidzawerenga mauthenga anu m'pulogalamu ikubwerayi. Muyende bwino pamsewu, mumange lamba. Tsalani bwino.